Zitini Zitatu za Nyemba

Tinazitola kuseri kwa golosale pa Santhe,
zitini zitatu za mkaka, dzimbiri m'milomo.
Sungeni anaziboola kunsi ndi msomali,
ine ndinabwera ndi dothi la pachulu m'jumbo
ndi nyemba zisanu ndi imodzi
zomwe mayi mpaka lero sadziwa kuti zinasowa.

A Chisuse anati: dothi limodzi, madzi ofanana,
tizivindikiro titatu ta botolo m'mawa uliwonse.
Chosiyana chikhale kuwala basi.
Mukasintha ziwiri nthawi imodzi
simudzadziwa wakuba ndani.

Choyamba pazenera lopanda galasi, loyang'ana kum'mawa.
Chachiwiri m'katoni ya sopo
yokhala ndi kabowo kolowa chala chimodzi.
Chachitatu m'kabati,
pakati pa mapu ong'ambika ndi choko chonyowa,
kiyi m'thumba la aphunzitsi.

Rula yathu inali yothyoka, yoyambira pa 3,
choncho tsiku lililonse kuyeza
kunkabwera ndi samu yochotsera.
Ndinajambula mizere m'kope:
tsiku, kutalika, mtundu wa masamba.

Lachisanu la sabata yachiwiri, pazenera:
masentimita asanu ndi awiri,
zonenepa, masamba biriwiri, osafulumira.
M'kabati: khumi, asanu ndi anayi!
Sungeni anaomba m'manja,
"Ndiye kuti mdima ndi feteleza!"
Ndinatsala pang'ono kulemba zomwezo.

"Zikhudzeni kaye," anatero a Chisuse.

Ndinazikhudza.
Thunthu loyera mbee ngati ulusi woviikidwa,
khosi lokhota ngati mbedza,
timasamba tachikasu tofumbata
ngati dzanja la khanda lodwala.
Mpweya wanga wokha unazigwedeza.

"Sizikukula izi, zikufunafuna.
Zikudya kamba amene zinanyamula m'njere.
Akatha kambayo, ulendo wathera pomwepo."

Za m'katoni zinali ndi mwano wakewake:
zinapendekera kukabowo ngati ana osuzumira kanema
pamng'alu wa chitseko, opanda ndalama yolowera.
Tinatembenuza chitini dala.
Patapita masiku awiri
zinali zitakhotanso, kubwerera komweko.

Loweruka ndinapita kudambo kukathandiza bambo.
Anali chogwada panazale ya fodya,
akupatula udzu wofunditsa mbande,
pang'ono lero, pang'ono mkucha.
Ndinawafotokozera zonse, ndi mawu aatali a m'buku
omwe ndinali nditaloweza usiku patochi ya foni.
Sanadzutse mutu.
"Mbande yoleredwa pamthunzi
imakomoka tsiku lowokera.
Zimenezo mpaka kiyi ndi kabati?"
Koma titanyamula makheni kupita kuchitsime
anafunsa motsitsa mawu: "Wati zinafika angati?"
Nditanena, anaimba kaluzu.

Lolemba tinapeza za m'kabati zitagona,
zitakoleka makosi pamlomo wa chitini.
Sungeni analemba: zafa. Anatseka kope.
Kalasi inathamangira kumpira.

Ine ndinabisa chitinicho m'chikwama.
Kunyumba sindinachiike padzuwa lenileni,
ndinakumbuka udzu wa bambo;
ndinachiika pansi pa mpoza,
pomwe kuwala kumagwa madonthomadontho,
ndi kuchirikiza makosi aja ndi timitengo ta tsache.

Imodzi inauma Lachitatu.
Inayo, m'mawa wa Lachisanu,
tsamba lake linali litatambasuka theka,
ndipo m'mbali mwa mtsempha wapakati
munayamba kubwera kamtundu kena,
kobiriwira mwamanyazi,
koti ukaphethira ukayika ngati wakaonadi.

M'kope munalibe mzere wa zimenezi.
Ndinalemba m'mphepete ndi pensulo, timalemba ting'onoting'ono.

Makope atabwerako ndinapeza inki yofiira
itazinga timalemba tanga tija.
Mtima unagunda, ndinati andichotsera malikisi.
Pansi pake, m'zilembo zawo zopendama:
"Uyu ndi kafukufuku wina.
Ukatole zitini zina zitatu."